ZIMENE MAKOSWE ATIPHUNZITSA PA ZA MAFUTA

Khoswe timamdziwa ngati mbala ya m'nkhokwe, ndipo tikamuona timathamangira mpini. Koma m'maiko ena muli nyumba zofufuzira momwe makoswe amawetedwa mwaukhondo, napatsidwa cakudya coyezedwa pa sikelo. Zambiri zimene tidziwa lero za mafuta a m'ndiwo zathu zinacokera kwa tinyama timeneti.

Tiyambe ndi cinthu cimene tonse taciona. Khasu likasiyidwa pa mvula limacita dzimbiri, ndipo mafuta ophikira akakhalitsa amayamba kununkha. Zonsezi ndi nchito ya mpweya wa okosijeni. Mpweya womwewo ndiwo umatipatsa moyo, komabe pamene thupi liugwiritsa nchito pamatuluka tizinthu tolusa timene timaononga mafuta omanga tizigawo ta thupi. Motero thupi liri ndi alonda ake. Mmodzi ndi vitamini E. Ena amapangidwa ndi thupi lenilenilo, monga catalase, glutathione peroxidase ndi superoxide dismutase, amene nchito yake inadziwika m'caka ca 1969 ndi Joe McCord ndi Irwin Fridovich pa yunivesite ya Duke ku America.

M'caka ca 1922, Herbert Evans ndi Katharine Bishop a ku Berkeley ku California anadyetsa makoswe cakudya cokhala ndi mafuta a nkhumba. Makoswe aakazi anali kutenga mimba, koma ana anali kufera m'mimba. Atawaonjezera masamba a letesi kapena tirigu, anayamba kubala bwino. Umo ndi mmene vitamini E anapezekera. Pambuyo pake, m'caka ca 1973, akatswiri a ku Wisconsin anaonetsa, pa makoswe omwewa, kuti glutathione peroxidase sagwira nchito popanda mcere wa m'nthaka wochedwa selenium.

Nanga mafuta akacuruka? Kawirikawiri ofufuza apeza kuti khoswe wodyetsedwa mafuta ndi kolesterolo wambiri amakhala ndi ciwindi conona, zizindikiro za “dzimbiri” lija zimakwera, ndipo alonda aja amafooka. Mtundu wa mafuta nawonso uli ndi kanthu. Mafuta a nsomba ndi a mpendadzuwa ndi abwino ku mtima koposa mafuta ouma a nyama, koma ndiwo amaonongeka msanga ndi mpweya, motero amafuna vitamini E wokwanira kuti awateteze.

Apa tiyenera kucenjera, pakuti khoswe si munthu. M'caka ca 1913, Nikolai Anichkov wa ku St. Petersburg anadyetsa akalulu kolesterolo, ndipo mitsempha yao ya magazi inayamba kutsekeka. Khoswe sagwidwa msanga ndi nthendayi, cifukwa ciwindi cake cimasandutsa kolesterolo wambiri kukhala ndulu. Ngati kalulu ndi khoswe asiyana cotere, kuli bwanji ife? Anthu ambiri anaganiza kuti mapiritsi a vitamini E adzacinjiriza mtima. Koma kafukufuku wochedwa HOPE, wofalitsidwa m'caka ca 2000, anayesa anthu oposa 9,000 kwa zaka zoposa zinai, ndipo mapiritsiwo sanacepetse matenda a mtima.

Phunziro lake n'lapafupi ndi mafuwa athu. Ndalama zimene banja likadataya pa mabotolo a mapiritsi zigule nshawa, nyemba, masamba ndi zipatso, momwe alonda ameneŵa amapezeka mwacibadwa. Ndiwo zotendera zisanyozedwe ngati cakudya ca amphawi. Saladi asungidwe m'botolo lotseka, kutali ndi dzuwa. Ndipo inu amai okazinga vitumbuwa, tidziwa kuti saladi ndi wodula, koma mafuta akada ndi kuyamba kucita thovu, aonongeka kale. Musawabwezerenso pa moto. Amene adzadya ndi ana athu omwe.