Mphoto za Ngoma: Nanga Wolemba Cinyanja Apikisana Kuti?

Bungwe la National Arts Council, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1994, ndilo limapereka mphoto za Ngoma kwa akatswiri olemba, oimba, ojambula ndi ocita masewero. Mphotozi zinaima zaka zingapo, ndipo zinayambanso mu 2019.

Mphoto ya olemba inapatsidwa dzina la malemu Julius Chongo, aja anali kuceza ndi anthu akumidzi pa wailesi m'nthano za Poceza M'madzulo. Koma mu 2006 mphotoyo inapita kwa Malama Katulwende cifukwa ca buku lao la Cingelezi, Bitterness. Bukulo lilibe mlandu ai, koma agogo amene anali kumvetsera Chongo sangaliwerenge.

M'makomboni a Kanyama, Matero ndi Chawama nyimbo za Cinyanja sizisowa. Cosowa ndi mabuku atsopano. Apa mafumu angathe kuthandiza. Caka ndi caka Kalonga Gawa Undi amasonkhanitsa Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete. Bwenzi pabwalo limenelo pakumaperekedwanso mphoto ya wolemba nthano, mnyamata wa ku Chawama akadadziwa kotumiza zimene walemba m'kope lake.