Mabuku onenepa amene saphunzitsa kuti chingwe chimaduka

Wachinyamata wa ku Duduza amene wakhala akusunga marandi kuti agule buku la makompyuta ayenera kuchenjezedwa asanapereke ndalamazo. Mwa mabuku amene amati amaphunzitsa distributed systems, luso lochititsa makompyuta ambiri okhala m'malo osiyanasiyana kugwira ntchito imodzi mogwirizana, ochuluka ndi chikomekome cha mkuyu. Chikuto n'chowala, masamba ndi mazanamazana, dzina la kampani yotchuka lili pamwamba, koma m'kati mwadzaza zithunzi za mabatani ndi malangizo akuti dina apa, kenaka dina apo. Buku lotere limakalamba msanga kuposa foni imene woligulayo ali nayo m'thumba.

Nkhaniyi si yakutali kwa anthu a ku Duduza. Tauniyi, imene boma la tsankho linakhazikitsa mu 1964 pafupi ndi Nigel posamutsa anthu ku Charterston, ili m'dera la Ekurhuleni. M'dera lomweli, ku Isando ndi ku Bredell, kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, kampani ya Teraco inamanga nyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta, ndipo m'nyumbazo ndimo makampani ambiri a intaneti amalumikizirana. Microsoft inatsegula malo ake otere ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Achinyamata ochokera ku Mangochi, ku Mzimba, ku Chipata ndi ku Tete, amene agogo awo ankabwera ku Joni pa Wenela kudzakumba golide, akuona kuti mgodi watsopano watseguka pakhomo, ndipo sakulakwa kufuna kulowamo. Koma ogulitsa mabuku ndi masatifiketi nawonso aona khamu limeneli, ndipo ayala malonda awo pachipata.

Pali funso limodzi limene limaulula msanga ngati buku lili ndi phindu kapena ayi. Mayi wina watumiza ndalama kuchokera ku Duduza kupita kwa amayi ake ku Mangochi. Kompyuta ya ku Johannesburg yauza inzake ya ku Malawi kuti iike ndalamazo mu foni ya gogoyo, koma yankho silinabwere. Kodi ichite chiyani? Mwina uthenga unatayika panjira, ndipo gogoyo sanalandire kanthu. Mwina uthenga unafika, ndalama zinalowa, koma yankho ndilo linatayika pobwerera. Mwinanso kompyuta ya ku Malawi yangochedwa, ndipo iyankha pakapita mphindi imodzi. Kwa kompyuta yotumiza, zinthu zitatuzi zimaoneka chimodzimodzi: chete. Ikatumizanso, gogoyo angalandire kawiri ndipo kampani iluza. Ikapanda kutumiza, gogoyo agona ndi njala pamene mwana wake ali ndi lisiti m'manja.

Yankho lake n'lodziwika kwa akatswiri. Uthenga uliwonse umapatsidwa nambala yakeyake, ndipo kompyuta yolandira imalemba manambala onse amene yawagwirira kale ntchito, kotero kuti uthenga womwewo ukabwera kachiwiri imangoyankha kuti zinachitika kale, osalipiranso. Buku labwino limakhazikika pa vuto limeneli kwa masamba ambiri, n'kufunsanso kuti chingachitike n'chiyani ngati magetsi azima ndalama zitalowa koma nambala isanalembedwe. Buku lachabe limajambula mabokosi awiri ndi muvi pakati pake, ngati kuti muviwo sungathyoke.

Miviyo imathyoka, ndipo anthu a kuno kum'mwera kwa Africa amadziwa zimenezi kuposa olemba mabuku ambiri. Pa 12 May 2024 zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi SEACOM, zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inavuta ku Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Kenya kwa masiku angapo. Mu 2023 magetsi a Eskom anazimazima pa masiku opitirira 300. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo Malawi anakhala mumdima wosinthanasinthana kwa nthawi yoposa chaka. Ngakhale zonse zili bwino, uthenga wochoka ku Johannesburg kupita ku London ndi kubwerera umatenga mamilisekondi oposa 150, ndipo palibe ndalama imene ingagule liwiro loposa la kuwala. Mlembi amene anayesera zitsanzo zake zonse m'chipinda chimodzi cha ku California, pa makina olumikizidwa ndi chingwe chachifupi, akuphunzitsa kusambira pamtunda.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zimenezi zinalembedwa kalekale. Mu 1978 Leslie Lamport anafotokoza chifukwa chake makompyuta awiri sangadalire mawotchi awo pofuna kudziwa chimene chinayamba kuchitika, ndipo anasonyeza njira yoika zochitika m'ndondomeko popanda wotchi ya pakhoma. Mu 1985 Michael Fischer, Nancy Lynch ndi Michael Paterson anatsimikizira ndi masamu kuti ngati palibe malire a nthawi imene uthenga ungachedwe, palibe njira yotsimikizika yoti makompyuta agwirizane chimodzi nthawi zonse, ngakhale imodzi yokha itafa. Cha m'ma 1994 Peter Deutsch wa ku Sun Microsystems anandandalika zikhulupiriro zabodza zimene anthu oyamba kumene ntchitoyi amakhala nazo, ndipo choyamba pa mndandandawo chinali kuganiza kuti netiweki ndi yodalirika. Papita zaka makumi atatu, koma mabuku okonzekeretsa anthu mayeso a satifiketi akusindikizabe bodza lomwelo m'zithunzi zokongola.

Ena amati mfundo zoterezi ndi za mapulofesa, zosayenera mwana wa m'mkuku amene akungofuna ntchito. Mawu amenewa ndi chipongwe chovala jekete la chifundo. Mayi aliyense wa m'banki m'khonde amazimvetsa kale mfundozi. Bokosi la gulu limakhala ndi maloko atatu, ndipo makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, kuti pasapezeke munthu mmodzi wotsegula yekha. Tsiku lina mmodzi wa atatuwo wapita ku maliro kutsidya kwa mtsinje, mtsinjewo wadzaza, ndipo membala wina akufuna ngongole yothamangira ku chipatala. Gulu liyenera kusankha: kudikira kuti ndalama ndi kaundula zikhale zolongosoka, kapena kuthandiza wodwalayo m'njira ina n'kudzakonza mabuku pambuyo pake, podziwa kuti mwina ziwerengero zidzasemphana. Kusankha kumeneku n'kumene Eric Brewer anakuika poyera mu 2000, ndipo Seth Gilbert ndi Nancy Lynch anakutsimikizira mu 2002: kulumikizana kukaduka, makina ayenera kutaya chimodzi, kuyankha aliyense mwamsanga kapena kuyankha zofanana paliponse. Njira ya Raft, imene Diego Ongaro ndi John Ousterhout anafalitsa mu 2014, imapeputsa lamulo la maloko pofuna kuti ambiri okha avomere, atatu mwa asanu, kuti ntchito isaime chifukwa cha mmodzi amene watsekerezedwa ndi madzi. Palibe chilichonse pano chimene chingagonjetse nzeru za munthu amene anayendetsapo chipereganyu.

Mabuku abwino alipo, ndipo ndi ochepa. La Martin Kleppmann, Designing Data-Intensive Applications, lotuluka mu 2017, ndilo loyenera kuyambira aliyense amene akudziwa kale kulemba mapulogalamu. Mutu wake wachisanu ndi chitatu wonse ukukamba za zinthu zimene zimalakwika: mauthenga otayika, mawotchi onama, ndi makina amene amaima kwa kanthawi n'kudzidzimuka akuganiza kuti adakali atsogoleri pamene anzawo anasankha kale wina. Silibisa pamene mapulogalamu otchuka amalephera kukwaniritsa zimene amalonjeza. Chilema chake n'chakuti lilibe mafunso oyeserera, ndipo munthu angalimalize akudziwa kulankhula bwino pa kuyesedwa kwa ntchito koma asanamangepo kanthu. La Maarten van Steen ndi Andrew Tanenbaum, Distributed Systems, n'louma ngati buku la m'kalasi, koma n'lokwanira, lili ndi zitsanzo za Python, ndipo olemba ake amalipereka kwaulere pa intaneti. Site Reliability Engineering, limene akatswiri a Google anatulutsa mu 2016, nalonso limawerengedwa kwaulere, ndipo limaphunzitsa bwino kulemba chimene chinalakwika popanda kusaka mfiti, ngakhale kuti ena mwa malangizo ake ndi a kampani yokhala ndi makina osawerengeka. La Nancy Lynch, Distributed Algorithms, la 1996, ndi masamu okhaokha, ndipo amene amalipereka kwa woyamba kumene pofuna kuoneka ozindikira amangomuthamangitsa.

Pali mfundo imodzi ya mbali inayo imene ili ndi mphamvu: olemba anthu ntchito amafunsa satifiketi, ndipo munthu wobwera, amene mapepala ake amayang'anidwa kawiri pakhomo lililonse, sangaipeputse. N'zoona. Satifiketi aitenge. Koma malangizo a mabatani amapezeka kwaulere pa masamba a makampani eniakewo, ndipo kumeneko amakonzedwa batani likangosuntha, pamene buku losindikizidwa limakhala chomwecho mpaka chiswe chilidye. Amene anagula mabuku onenepa a Hadoop zaka khumi ndi zisanu zapitazo angachitire umboni. Njira ya MapReduce, imene Hadoop inatengera pa zimene akatswiri a Google analemba mu 2004, Google yomweyo inalengeza mu 2014 kuti yasiya kuidalira. Zimene Lamport analemba mu 1978 zikuphunzitsidwabe mpaka lero. Kulipira ndalama zochuluka, kuphatikizapo msonkho wa 15 peresenti umene South Africa imaika ngakhale pa mabuku, pogula chinthu chimene chili chaulere kwina ndipo chivunda pakatha zaka ziwiri, si kukonzekera ntchito ayi.

Ngakhale mabuku abwinowa ali ndi ngongole kwa owerenga a kuno. Zitsanzo zawo ndi za Twitter ndi LinkedIn, za anthu mamiliyoni odina nthawi imodzi. Vuto la ku Duduza ndi la ku Mangochi ndi lina: wogulitsa ndalama za pafoni amene netiweki yamuthawa kasitomala ali pamzere, chipatala cha kumudzi chimene chiyenera kulemba odwala tsiku lonse popanda intaneti n'kudzatumiza zonse madzulo, tabuleti imene batire yake yatha pakati pa kusunga. Mavutowa amathetsedwa ndi mfundo zomwe zija, koma mabuku amawapatsa masamba ochepa, ndipo wophunzira amayenera kuwoloka yekha kuchoka ku chitsanzo cha ku America kufika pa khonde la kwawo, m'Chingerezi chimene ndi chilankhulo chake chachitatu kapena chachinayi. Aphunzitsi a m'makoleji a zaluso a ku Springs ndi Kwa-Thema, ndiponso a ku Zomba, Blantyre ndi Lusaka, ndiwo ayenera kumanga mlatho umenewu, ndipo sangaumange pogawa mapepala a mafunso a mayeso a chaka chatha.

Zipangizo zake sizifuna ndalama zambiri. Malaputopu atatu akale ndi rauta imodzi n'zokwanira kuti ophunzira alembe pulogalamu yaing'ono yosunga kaundula wa ndalama pa makina onse atatu. Ikayamba kuyenda, mphunzitsi azule chingwe cha imodzi pakati pa kutumiza, adikire mphindi ziwiri, achibwezeretse, ndipo ophunzirawo awerengetse ndalama zimene zili pa makina alionse.