Chitini cha maswiti chaposa bokosi lanu lonyezimira

Pali anthu padziko pano amene akaweruka kuntchito amakhala pansi ndi soldering iron, timawaya ndi chitini chomwe munali maswiti, n'kumadzipangira okha ampulifaya ya mahedifoni. Palinso ena amene akawaona amaseka. Akuti n'kutaya nthawi, poti m'shopu zinthuzi zilimo kale, zokongola, zina zotchipa. Ine ndili mbali ya a chitini, ndipo lero ndabwera kudzakangana.

Tiyambe ndi chinthucho. Foni yanu ili ndi kaampulifaya kake m'kati, kokwanira timahedifoni ta m'khutu timene timagula pamsika, tomwe nthawi zambiri timakhala ta ma ohm 16 kapena 32. Koma mukailumikiza ku mahedifoni akuluakulu ngati Sennheiser HD 600, a ma ohm 300, foni imachita wefuwefu. Nyimbo imamvekera kutali ngati ikuimbidwa kwa aneba. Mahedifoni otere amafuna voteji yokwererapo, ndipo ntchito ya ampulifaya ndi imeneyo basi: kupatsa mawu mphamvu, osawonjezapo kanthu, osachotsapo kanthu.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Chu Moy anaika pa intaneti pulani ya kaampulifaya ka m'thumba komwe lero kamatchedwa CMoy. Zida zake zonse zimakwana m'dzanja limodzi: op-amp, ma resistor angapo, ma capacitor angapo, batire ya 9V. Ma resistor awiri ndi amene amalamula kuti voteji ikwere kangati. Mukaika ya 10k ndi ya 1k, imakwera ka 11. Mukaona kuti zanyanya, mumachotsa imodzi n'kuikapo ina. Awiri ena amagawa 9V ija pakati, chipangizo n'kumayenda ngati chili ndi mabatire awiri a 4.5V. Palibe matsenga. Anthu ambiri anayamba kukalonga kanthuka m'chitini cha maswiti a Altoids, mpaka chitinicho chinasanduka chizindikiro cha gulu lonse.

Chitinicho musachione ngati nthabwala. Mukukakumbukira kaphokoso ka "tititi, tititi" kamene sipika imachita foni ikatsala pang'ono kuitana? Amenewo ndi mafunde a foni akulowa m'mawaya. Bokosi lachitsulo likalumikizidwa bwino ku ground limatchinga zambiri mwa zimenezo. Lathabwa, ngakhale likhale la mlombwa wopaka vanishi, silitchinga kanthu. Koma chitsulo chomwecho chikakhudza kunsi kwa bolodi chimachita shoti, ndiye m'kati umayalamo pulasitiki kapena tepi. Ampulifaya ya ma valve imatentha, imafuna mabowo a mpweya, ndipo zambiri mwa izo zimayendera voteji yoti ikhoza kupha munthu, choncho bokosi lake si lokongoletsa chabe. Amene anapangapo yake amadziwanso kuti usanalowetse mahedifoni ako okondedwa, umayamba wayeza ndi multimeter ngati DC sikutulukira kumene kumayenera kutuluka nyimbo yokha. Zimenezi sanaziloweze pamtima podikira mayeso. Anazidziwira m'zala.

Tsono abwere oyamba aja, a "ingogula basi". Chabwino, tione zimene tikugulazo. Mu 2016 Apple inachotsa bowo la mahedifoni pa iPhone 7, makampani ena ambiri n'kutsatira. Lero tili ndi timahedifoni ta Bluetooth tomwe tambiri mabatire ake ndi omatidwa m'kati ndi guluu. Batire ikatopa, kanthu konse kudzala. Mwagula pamenepo kapena mwabwereka? CMoy ikasiya kulira mumangotsegula chivindikiro ndi chala chachikulu, zonse zili poyera. Waya waduka, mumawotcherera. Chipu chapsa, mumazula n'kuikapo china. Chinthu chimene simungachitsegule si chanu, ngakhale lisiti lili ndi dzina lanu.

Komatu amene amandikwiyitsa kwambiri si amenewa ayi. Ndi ansembe a makutu agolide, omwe ali m'kati mwenimweni mwa anthu okonda nyimbo. Iwowa amakuuzani kuti waya wasiliva "umatsegula" mawu, kuti capacitor yodula imapatsa nyimbo "moyo", kuti ampulifaya yeniyeni iyenera kukhala m'bokosi la aluminiyamu lolemera ngati mwala. Mukawafunsa kuti mwayeza bwanji, amakuyankhani kuti makutu anu sanakhwime. Eti? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu 2011 injiniya wina amene sanaulule dzina lake lenileni, wodzitcha NwAvGuy, anawayankha ndi chipangizo. Anapanga ampulifaya yotchedwa Objective2, mwachidule O2, ndi machipu wamba otchipa ngati NJM4556, yoyendera mabatire awiri a 9V otchajika. Anaika poyera pulani yake ndi manambala onse amene anayeza, kuti wokayikira akayezenso yekha. Anafalitsanso lamulo limene aliyense angaligwiritse ntchito: ma ohm a potulukira mawu pa ampulifaya asapose gawo limodzi mwa magawo 8 a ma ohm a mahedifoni. Ngati anu ali a 32, ampulifaya isapose 4. Ikaposa, imayamba kusintha kamvekedwe ka nyimbo, besi n'kumachita phwetephwete. O2 inali pafupifupi theka la ohm. Mu 2012 munthuyo anangoti zii, osamvekanso, koma pulani inatsala. Anthu anapitiriza kuimanga m'nyumba zawo, ndipo makampani ngati JDS Labs anaigulitsa yomanga kale.

Mwaona chimene magulu awiriwa akufanana? Wina akuti musatsegule, ingogulani. Wina akuti musayeze, ingokhulupirirani. Onse akufuna inu mukhale kunja kwa bokosi, chikwama chili chotsegula. Wa chitini yekha ndi amene walowa m'kati, ndipo munthu amene walowa m'kati ndi wovuta kumunamiza.

Pali zimene otsutsa amanena zoona, ndipo sindizibisa. Ngati muli ndi timahedifoni ta ma ohm 32, ampulifaya simukuifuna; chimene ingakupatseni n'kugontha msanga. Bungwe la WHO limati phokoso la ma decibel 80 lisapitirire maola 40 pa sabata, ndipo ambirife timapyola dala. N'zoonanso kuti kadongo kabwino ka USB-C kakhoza kutulutsa mawu oyera kuposa CMoy yanu yoyamba. Nanga n'chiyani? Mayi amene waphika nsima kunyumba sanaiwale kuti kuli malesitilanti. Kadongo kamakupatsani nyimbo. Chitini chimakupatsani nyimbo, n'kukuphunzitsaninso chifukwa chake ikumveka choncho.

Nkhaniyi ikuoneka ngati ya kutali, koma mzimu wake tili nawo pakhomo pompano. Pitani mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe mukaone okonza mawailesi ndi mafoni, ndi anyamata okhoma mabokosi a masipika. William Kamkwamba wa ku Wimbe asanamange makina ake a mphepo, anayamba ndi kumasula mawailesi. Koma ife a madigiri, anthu oterewa timawayang'ana ngati otsalira, kwinaku ifeyo chaja ikangoduka waya tathamangira kukagula ina. Tinaphunzitsidwa kuti ulemu uli pa chinthu chomata, chonyezimira, chochokera kunja m'katoni. Amene akuyenera kuchita manyazi ndani pamenepa?

Ndiye aise, ngati pansi pa bedi pali wailesi yakufa, itulutseni. Zulani pulagi kukhoma, chotsani mabatire, ma capacitor akuluakulu musawagwire ndi zala poti amasunga moto, kenako masulani muone. Funsani mmisiri wa pamsika kuti kanthu aka kamatani. Safunsa anadya phula. Pulani ya CMoy ikadalipo pa intaneti, yaulere. Yoyamba idzatuluka yokhota mabowo, batani litapendama, mwina n'kumalira khutu limodzi mpaka mutapeza waya amene mwaphonya. Zilibe kanthu. Tsiku limene wogulitsa adzakuuzeni kuti bokosi lake ndi lodula chifukwa lili ndi "moyo", mudzamupempha screwdriver.