Madzi a Thonje Atayikira M'munda: Za ku Gezira

Anthu akamanena za ulimi wothirira, kawirikawiri atchula madamu ndi ngalande zikuluzikulu, popeza izi ndizo zioneka ndi maso ndiponso zidya ndalama zambiri. Koma madzi ambiri a alimi a thonje satayikira pa damu iai. Atayikira pakati pa ngalande yaing'ono ndi muzu wa mbewu, kumene kulibe injiniya koma mlimi yekha ndi khasu lake. Za ku Gezira, m'dziko la Sudan, zichitira umboni mau amenewa.

Gezira ndi chigwa cha dothi ladongo pakati pa mitsinje ya Blue Nile ndi White Nile, kumwera kwa Khartoum. Damu la Sennar litatha kumangidwa mu 1925, madzi anayamba kutsika okha, popanda makina opopera, kufikira m'minda ya thonje. Atawonjeza dera la Managil cha m'ma 1960, minda yonse inaposa maekala 2,000,000. Dongo la kumeneko silimwa madzi msanga, chotero ngalande, ngakhale zinali zosawaka, sizinali kutaya madzi ambiri pansi.

Nzeru yaikulu ya amene anakonza ntchitoyi inali pa kagawidwe ka madzi. Usiku anali kutseka zitseko zolowera m'minda, ndipo madzi anali kudzaza m'ngalande zazing'ono monga m'nkhokwe. Kukacha anali kuwatsegulira m'ngalande ya m'munda yotchedwa Abu Ishreen, imene inali kuthirira maekala ngati 90. Munda uliwonse unali kulandira madzi kamodzi pa masiku 14, mwini wake ali pomwepo, kutsegula mzere uwu ndi kutseka uwo. Lamuloli linali louma, ndipo alimi ena anadandaula nalo, komatu madzi anali kufika kwa onse.

M'zaka za m'ma 1970 mwambowu unayamba kufooka. Tirigu ndi mtedza zitachuluka pambali pa thonje, alimi ambiri anazolowera kusiya zitseko zotsegula usana ndi usiku, madzi nayenda opanda wowayang'anira. Pa nthawi yomweyo matope ochokera ku mapiri a Ethiopia, amene Blue Nile anyamula mu July ndi August, anali kukwirira ngalande, udzu numera pamwamba pake. Zotsatira zake n'zosadabwitsa: wa kumtunda kwa ngalande anasefukiridwa, wa kumapeto natsala ndi munda wong'aluka. Onse awiri anataya, pakuti thonje likakhala m'madzi osayenda liyoyola maluwa monga momwe lichitira pa chilala.

Alipo amene anena kuti kuthirira kwa m'mizere n'kwachikale, ndi kuti mankhwala ake ndiwo mapaipi odontheza madzi pa tsinde la mbewu. Mapaipiwo apulumutsadi madzi, koma mtengo wake mlimi wa maekala owerengeka sangaufike, ndipo madzi amatope awatseka msanga. Mizere yomweyo ikhoza kuchita bwino koposa ikasamalidwa. Munda ukasalazidwa, madzi saunjikana m'zigwembe. Mizere ikakhala yaifupi, madzi afika kumapeto asanalowerere kwambiri kumutu, makamaka m'dothi lamchenga. Madzi atsegulidwe okwanira ndipo atsekedwe akangoyandikira kumapeto kwa mzere. Otsalira kumeneko awongoleredwe ku munda wina. Zonsezi zifuna mlangizi wodziwa kuyesa madzi ndi mlimi wosunga tsiku lake.

Nkhaniyi ikhudza Malawi. Thonje la ku Chikwawa ndi Nsanje lakhala likudalira mvula, koma ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yoyambira pa Kapichira, inakonzedwa kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000 ndi madzi otsika okha monga a ku Sennar. Shire nayenso anyamula matope ambiri. Nduna ndi akuluakulu a Boma achita bwino kuika mtima pa ngalandeyo. Chotsala n'chakuti m'makonzedwe a ndalama a chaka chilichonse muzikhala gawo lochotsera matope m'ngalande zazing'ono, ndi kuti gulu lililonse la alimi likhale ndi buku lolembamo tsiku ndi maola a munthu aliyense madzi asanatsegulidwe.