PA MPHASA: Mabotolo a pa chithunzi

 Ambiri mwakhala mukufunsa chifukwa chomwe tsamba lino lidasowera m'magazini yapitayi. Sitidadwale ayi. Tidali pa ulendo wa ku Joni, ndipo chimene chidatiyendetsa mtunda wonsewo ndi chithunzi chimodzi cha pa foni.

Nkhani yake ili motere. Tili ndi mphwathu, mwana wa achemwali athu, amene adapita ku Johannesburg m'chaka cha 2017 monga achitira anyamata ambiri a kwathu kuno. Mayi ake akafunsidwa pa chitsime ankangoti mwana ali ku ofesi, poti mwini wake ndi m'mene adawauzira. Chaka chatha adapeza mbeta m'mudzi woyandikana nawo, ankhoswe adakumana, zonse zinkayenda bwino. Kenaka mnzake wina adamujambula ali pa ntchito n'kumwaza chithunzicho pa WhatsApp. Pa chithunzipo mnyamata waima kuseri kwa kauntala, wavala epuloni yakuda, ndipo kumbuyo kwake kwandandalika mabotolo ataliatali, ena ofiirira, ena achikasu. Sabata isadathe mudzi wonse udali utamva kuti mwana wa auje akugulitsa mowa m'bala ku Joni. Akuchikazi adatumiza mawu akuti nkhani ya nikah ibayamba yaima.

Achemwali adatifikira m'mamawa dzuwa lisadatuluke. "Achimwene, mwanayu ndi wanu. Ndalama zomwe amatumizazi ndadyera, malata a nyumba yanga ndidagulira zomwezo. Ngati ndi za mowa, ndiye kuti ine ndikugona pansi pa chiyani?" Tidasowa choyankha. Tikamuimbira foni mnyamatayo ankangoti si mowa, osafotokoza kuti tsono ndi chiyani. Ndipo tisaname, nafenso mumtima tidali titagamula kale mlanduwo theka. Koma mwini mbumba saweruza za m'maluwa, choncho tidagulitsa mbuzi ziwiri n'kukwera basi.

Za ulendowo sitichulutsa, ambiri mukuudziwa: Mwanza, mlatho wa pa Zambezi ku Tete, Nyamapanda, Harare, mzere wosatha wa pa Beitbridge, n'kudzatsikira pa Park Station miyendo itatupa ngati ya njovu. Tidagona ku Mayfair m'kachipinda kamene mphwathuyo amakhala ndi anzake atatu, onse a ku Mangochi. Kutacha tidamuuza kuti sitikufuna kuona nyumba zazitali kapena misika, atitengere komwe amagwira ntchito basi. Adangoweramitsa mutu n'kunena kuti, "Chabwino Amjomba, tiyeni."

Malowo ali pakati pa mzinda, pa ngodya ya misewu iwiri, khoma lake lakutsogolo ndi galasi lokhalokha. Tisadalowe n'komwe, fungo lidatilonjera panja, ndipo silidali la mowa. Lidali fungo longa la mtedza wokazinga umene wangotsala pang'ono kupserera. Ndi nyumba yomwera khofi, imodzi mwa zija zomwe kampani imodzi imakhala nazo zambirimbiri m'mizinda yosiyanasiyana, mipando yofanana, makapu ofanana, mitengo yofanana, kotero kuti munthu akalowa ya ku Durban amakhala ngati walowa ya ku Pretoria. Yaikulu mwa makampani otere ndi Starbucks, yomwe idayamba ndi sitolo imodzi ku Seattle m'dziko la America m'chaka cha 1971, pano ili ndi masitolo opitirira 30,000 pa dziko lonse, ndipo ku South Africa idafika m'chaka cha 2016, kuyambira ku Rosebank. Eni dziko ali nazonso zawo, monga Mugg & Bean yomwe idayamba ku Cape Town m'chaka cha 1996. Imene tidalowa ife sitiitchula, kuopa kumuika mwana m'mavuto ndi mabwana ake.

Inu amene mudazolowera tiyirumu ya pa Mangochi Boma kapena pa Kamuzu Road ku Salima, iwalani zonse. Kwathu umalowa, kupereka salamu, kukhala pa benchi, mwini wake n'kukuthirira tiyi wa mkaka mpaka m'milomo mwa kapu, sikono pambali, ndalama umapereka potuluka, ndipo ngati zaperewera umati mawa. Kumeneko umayamba waima pa mzere. Ukafika kutsogolo umatchula chomwe ukufuna, umalipiriratu usadalawe kanthu, kawirikawiri ndi khadi, kenaka umasuntha n'kukadikira kumapeto kwa kauntala. Mtsikana wa pa ndalama adatifunsa dzina. Tidadabwa, poti sitidabwere kudzatenga ngongole. Tidamuuza ndithu, dzina lathu lenileni ndi Che wake kutsogolo. Iye adalemba pa kapu ya pepala zomwe adamva, Che uja adamutaya, ndipo patapita kanthawi tidangomva dzina lathu likufuulidwa m'nyumba monse, lopindika, ndi mwana wa msinkhu wa mdzukulu wathu. Chimwalirireni mayi athu palibe adatiitanapo chomwecho. Tidayang'ana uku ndi uku kuti tione amene akuseka. Padalibe ndi mmodzi yemwe amene adadzutsa mutu.

Chimenechi ndicho chidatizunguza kuposa mtengo. M'nyumbamo mudali anthu odzaza, koma mudali zii ngati m'chipinda cha mayeso. Aliyense pa tebulo lake, kompyuta patsogolo, timawaya m'makutu. Tidapereka moni kwa bambo wina amene tidakhala naye moyandikana, iye adamwetulira n'kukokera chikwama chake kufupi. Mphwathu adatiuza pambuyo pake kuti ambiri mwa anthuwo ali pa ntchito, kapu imodzi imawagulira mpando, magetsi ndi intaneti kwa maola atatu. Apo tidamvetsa chifukwa chake kapu yomwe adatigulira idadya pafupifupi R40, ndalama yokwana malofu awiri a buledi. Munthu salipira khofi yekha, amalipira lendi.

Tsono tidasiya za anthu n'kuyamba kuyang'ana chomwe tidadzera. Mphwathu adavala epuloni ija n'kuima pa makina asiliva, aakulu ngati bokosi la nsomba. Ntchito yake amaitcha barista. Amagaya njere za khofi pomwepo, ufa wake amauthira m'kachitsulo kokhala ndi chogwirira, amautsendera, n'kukamanga kachitsuloko ku makina. Makinawo amakankha madzi otentha mwamphamvu kudutsa mu ufawo kwa masekondi 25 kapena 30, ndipo chomwe chimatuluka ndi timadzi takuda bii, tosakwana ndi masupuni atatu omwe, towawa ngati muwawani. Timeneti nditi espresso, ndipo zakumwa zonse zolembedwa pa khoma zija zimachokera pomwepa. Ukathiramo madzi otentha ndi dzina lina, ukathiramo mkaka wambiri ndi latte, lomwe ndi liwu la Chitaliyana lotanthauza mkaka basi. Ukathiramo mkaka wochita thovu ndi cappuccino, dzina lochokera ku mtundu wa mkanjo wa ansembe otchedwa Capuchin. Mkakawo amautenthetsa ndi nthunzi yotuluka m'kampope, amamvera kutentha kwake ndi chikhatho, kenaka pothira amagwedeza dzanja mwakuti pamwamba pa kapu pamatuluka chithunzi cha tsamba. Tidamuyang'ana kwa ola lathunthu. Mzere sudathe, makapu adali kubwera anayi anayi, aliyense ndi zofuna zake, ndipo sadasokoneze ndi imodzi yomwe. Mwana amene kwathu ankalephera kukoleza moto wa tiyi.

Nanga mabotolo aja? Anthu atachepa tidamukodola. Adatsitsa limodzi n'kutipatsa m'manja. Ndi madzi a shuga, abale, manyuchi onunkhiritsa omwe ena amafuna kuti awadonthezere m'khofi: lina la vanila, lina la shuga wopsereza, lina la mtedza wa kunja. Tidavala magalasi n'kuwerenga zolembedwa kumbuyo, tidanunkhiza, tidalawa ndi chala. Tidatero ndi mabotolo onse asanu ndi awiri, mtsikana wa pa ndalama uja akutiyang'ana ngati taona malodza. Kenaka mnyamatayo adatilozera chikalata chopachikidwa pafupi ndi khomo, cha bungwe loona za halaal, deti lake lisadathe.

Apa pali mawu kwa inu amene muli ndi ana kumeneko kapena mukuganiza zopitako. Ku South Africa kuli mabungwe angapo opereka zikalata zoterezi, monga SANHA ndi MJC, ndipo chikalata chimaperekedwa kwa sitolo imodzi imodzi, osati kwa kampani yonse. Masitolo awiri a dzina limodzi, ina ingakhale ya halaal, inzake ikukazinga nyama ya nkhumba m'mawa uliwonse. Musadalire dzina la pa khomo. Yang'anani chikalata, muone ngati chikutchula sitolo yomweyo, muonenso deti.

Tili chikhalire ndi kapu yathu, yomwe tidathiramo timapaketi ta shuga tinayi kuti imweke, tidaganiza za ulendo womwe chakumwachi chidayenda. Mtengo wa khofi kwawo ndi ku Ethiopia, koma amene adayamba kumumwa monga timwera leromu ndi Asilamu a ku Yemen, zaka za m'ma 1400, ndipo ankamwa kuti tulo tisawagwire pochita zikiri usiku. Sitikuutsa mkangano wa sikiri pano, tikungonena mbiri. Iwo ankati qahwa, Aswahili adati kahawa monga ankanenera agogo athu a ku Nkhotakota, Aturuki adati kahve, ndipo liwu lomwelo litazungulira ku Ulaya lidatifika ngati khofi. Ngakhale mocha wolembedwa pa khoma paja ndi dzina la doko la Mocha ku Yemen, komwe zombo zinkanyamulira khofi. Nyumba zomwera khofi zidafika ku Istanbul cha m'ma 1550, ku London m'chaka cha 1652. Koma chomwe chidatiseketsa tokha ndi ichi: m'chaka cha 1511 mkulu wina wa boma ku Makka, Khair Beg, adaletsa khofi, pomuganizira kuti ndi woledzeretsa komanso poopa zomwe anthu ankakambirana akasonkhana kuti amwe. Lamulolo silidakhalitse. Tsono taonani, papita zaka zoposa 500, ndipo khofi akuganiziridwabe kuti ndi mowa, ulendo uno ndi anthu a m'mudzi mwathu.

Pa shelefu padali mapaketi a khofi wa ku Ethiopia, Kenya, Colombia ndi Brazil. Tidafunafuna wa kwathu, tsiku limenelo padalibe. Komatu khofi timalima. Mbande zoyamba zidafika ku mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo m'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye adali mbewu yaikulu yogulitsa kunja, mpaka atsamunda adajambula mtengo wake pa chizindikiro cha boma lawo. Matenda ndi kugwa kwa mitengo zidachititsa kuti fodya ndi tiyi zilande malo. Lero alimi a ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya akulimabe khofi wodziwika ndi dzina la Mzuzu, ndipo mlimi amadikira zaka zitatu kapena zinayi kuti mtengo uyambe kubereka. Ife a ku nyanja sitimumwa n'komwe, tidakakamira tiyi.

Madzulo, titabwerera ku Mayfair, tidamukhazika pansi. Tidamufunsa chifukwa chake adalola mayi ake kulira miyezi itatu pa nkhani yoti akadaithetsa ndi mawu awiri. Adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adati, "Amjomba, ndikadanena kuti chiyani? Kuti ndidawoloka malire atatu kudzaphikira anthu tiyi? Anzanga akuti ali m'magalaja, ena akuyendetsa magalimoto. Akadandiseka mpaka ku dambwe." Ndiye kuti kwa iye kudali kopepuka kutchedwa wogulitsa mowa kusiyana ndi kutchedwa wophika tiyi. Tidamukalipira, ndipo sitikubweza mawu amene tidamuuza. Koma pogona tidadzifunsa kuti manyazi amenewa adawaphunzira kwa yani, poti ndife tomwe timafunsa mwana akabwera ku Joni kuti wabwera ndi chiyani, osamufunsa kuti wadzuka nthawi yanji. Iyeyu amadzuka 4 koloko, amaima tsiku lonse, ndipo pa dzanja lamanja ali ndi zipsera za nthunzi. M'mwezi wa Sepitembala 2019, pamene alendo ankasakidwa m'misewu ya Johannesburg, adakhala masiku osatuluka m'kachipinda kaja. Kuyambira m'mwezi wa Malichi 2020, dziko litatsekedwa chifukwa cha Covid-19, adakhala miyezi wopanda malipiro okwanira, ndipo ndi nthawi ija ife kuno tinkati mwana wayiwala kwawo. Zonsezi tidazimva koyamba usiku umenewo.

Pobwerera tidapempha botolo limodzi lotha, la vanila, n'kulikulunga m'chitenje pamodzi ndi paketi ya khofi yomwe mnyamatayo adagulira mayi ake. Pa Beitbridge msilikali adalitulutsa, adalinunkhiza, n'kulibwezera. Titafika tidaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri pa khonde la achemwali. Botolo lidayenda dzanja ndi dzanja. Amjomba ake a mtsikana adalinunkhiza kawiri, adathiramo timadzi, adakhutchumula, adalawa, n'kunena kuti zikukoma ngati bisiketi. Sadapepese, ndipo ife sitidawakakamize. Adangofunsa ngati mnyamatayo angapeze tchuthi mvula ikatha, ndipo tidati tikamufunsa.

Paketi ya khofi ija idapezeka kuti ndi ya njere zosagaya. Achemwali adazisinja mu mtondo, adawiritsa mu ketulo ngati tiyi, n'kugawira onse amene adali pa khondepo. Ankhoswe adamwa mwaulemu mpaka theka la kapu, ndipo mkulu wina adatidandaulira m'mawa mwake ku mzikiti kuti sadaone tulo mpaka azana ya Fajr.