Tisanagule pampu ya madzi oipa, tifunse kumene madziwo akupita

Dzinja lapitali, mvula ili pakati, tinaima pa malo ena odyera m'mbali mwa msewu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, pakati pa Songani ndi Domasi. Mwini malowo ndi mayi wa mumpingo mwathu, wolimbikira ntchito, amene amalipirira ana sukulu ndi ndalama za mbale za nsima ndi nyemba. Chakudya chinali chokoma, koma mphepo ikawomba kuchokera kuseri kwa khitchini aliyense ankayang'ana mnzake. Dzenje la madzi oipa linali litadzaza, ndipo pampu imene anagula miyezi 3 m'mbuyomo inali itapsa.

"Abale anga, ndigule pampu yotani yoti isadzapsenso?" anatifunsa.

"Mayi, pampuyo ikakoka madziwa imakawataya kuti?"

Analoza kumunsi, kumene ngalande ya msewu imatsetserekera kukhwawa. Apa m'pamene pagona nkhani yathu ya mwezi uno. Pampu imangosamutsa madzi oipa, siiwayeretsa ayi. Tikaigula tisanakonze kumene madziwo akathere, tagula makina otumizira anzathu matenda mofulumira.

Amene ali kumunsi kwathu

Mtsinje wa Domasi umachokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa n'kutsikira m'chigwa chodzaza ndi anthu. M'chigwachi muli Domasi College of Education, Malawi Institute of Education, malo a boma oona za ulimi wa nsomba za m'maiwe, chipatala, ndende ndi misika. Pamene pali anthu ambiri chotere sipalephera malo odyera, nyumba zogona alendo, masaluni ndi mabutchala, ndipo onsewa amatulutsa madzi oipa tsiku ndi tsiku. Kumunsi, mtsinje womwewu umathirira mpunga pa sikimu ya Domasi, kenaka n'kukathera m'nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amachokamo ndi dzuwa, koma nyansi zimatsala momwemo, mmene asodzi amakhala m'zimbowera zawo n'kumamwa madzi omwewo.

Sitinaiwale mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023. Unayambira m'boma la Machinga, loyandikana ndi Zomba, mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atagwetsa zimbudzi ndi kusakaniza nyansi ndi madzi akumwa. Anthu oposa 58,000 anadwala m'dziko muno ndipo oposa 1,700 anamwalira. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Amene tawataya kuseri kwa shopu yathu usiku, m'mawa amapezeka pamene mwana wa mnzathu akutsuka mbale.

Kodi pampu ikufunikadi?

Funso loyamba ndi limeneli, chifukwa malo ambiri safuna pampu. Madzi amatsika okha, ndipo mtsetse sulipiritsa bilu ya magetsi. Paipi ya mamilimita 110 ikamatsika masentimita 2 ndi theka pa mita iliyonse, imanyamula zonse za m'chimbudzi mpaka ku septic tank popanda makina. Amene tikumanga kumene, tiyambe tayesa mtsetse wa malo tisanathire maziko. Nthawi zina kungokweza maziko a zimbudzi pang'ono kumatipulumutsa ku pampu kwa zaka zonse.

Pampu imafunika pamene khitchini kapena zimbudzi zili kumunsi, pomwe malo oyenera kumwetsera madzi m'nthaka ali kumtunda. Izi zimachitika kawirikawiri m'chigwa cha Domasi, kumene malo ena amalonda ali m'mphepete mwa dambo. M'dzinja madzi apansi amakwera, dzenje lomwetsera madzi, limene apulambala amalitcha soakaway, limadzaza ndi madzi a m'nthaka n'kuleka kumwa. Malangizo a zaumoyo amati dzenje lotere likhale pa mtunda wa mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pa chitsime kapena mjigo, ndipo pansi pake pakhale mita 1 ndi theka pamwamba pa madzi apansi. Ngati malo okwaniritsa zimenezi ali kumtunda kwa nyumba, pamenepo pampu ili ndi ntchito.

Mitundu ya mapampu

Cholakwika chimene tinachipeza kwa mayi aja n'chofala. Anagula pampu ya madzi oyera, yonga yothirira dimba kapena yokwezera madzi mu thanki. Mipata yake ndi yaing'ono. Zotsalira za nsima, makoko a anyezi ndi ulusi wa kolopa zinatseka chopalasa chake, mota inalimbana nazo mpaka kupsa. Ya madzi oipa imakhala yomira m'dzenje, ndipo ilipo ya mitundu 3.

Yoyamba imakoka madzi amene adutsa kale mu septic tank, zolemera zitakhala pansi, mafuta atayandama. Imeneyi ndi yotsika mtengo, imadya magetsi ochepa ndipo imakhalitsa. Kwa malo odyera ndi nyumba zogona alendo za kuno kwathu, dongosolo labwino ndi limeneli: zonse zitsike zokha kulowa mu septic tank, madzi otuluka mmenemo agwere m'dzenje lachiwiri la simenti losadontha, ndiye pampu iwakweze kupita ku soakaway.

Yachiwiri imakoka zonse za m'chimbudzi mmene zilili. Ili ndi mpata waukulu wodutsa zolimba zofika mamilimita 50, ndipo imafuna paipi yosachepera pamenepo. Timaisankha ngati septic tank yomwe ili kumtunda.

Yachitatu ili ndi mipeni yogaya zolimba. Imakankha madzi kutali ndi pamwamba kudzera m'paipi yaing'ono, koma ndi yodula, imafuna magetsi ambiri, ndipo mchenga umabunthitsa mipeni yake. Tisaigule chifukwa chongomva kuti ndiyo yamphamvu.

Manambala awiri oti tipite nawo kusitolo

Wogulitsa akatifunsa za mahatchi a pampu, ife tikhale ndi manambala athu awiri. Yoyamba ndi kuchuluka kwa madzi. Tiyerekeze nyumba yogona alendo 20, aliyense akugwiritsa ntchito malita 80 pa tsiku. Amenewo ndi malita 1,600. Koma madziwa sabwera mofanana tsiku lonse. Ambiri amabwera m'mamawa anthu akamasamba. Pa malo odyera amachuluka masana potsuka mbale. Pampu iyenera kukwanitsa ola lotanganidwalo. Bilu ya Southern Region Water Board imatithandiza pamenepa, chifukwa pafupifupi madzi onse olowa pa mita amatuluka ali oipa.

Nambala yachiwiri ndi msinkhu: mamita angati kuchokera pansi pa dzenje kufika pamene paipi ikukathera. Pamenepo tiwonjezerepo pang'ono chifukwa paipi yaitali ndi makona ake zimabweza mphamvu ya madzi.

Tichenjere ndi zolembedwa pa katoni. Pamakhala msinkhu wapamwamba kwambiri ndi malita ochuluka kwambiri, koma ziwirizi sizichitika nthawi imodzi. Pampu yolembedwa mamita 10, ikafika pa mamita 10 enieniwo siitulutsa kanthu. Tipemphe tchati cha m'kabuku kake choonetsa malita amene imatulutsa pa msinkhu wathuwo. Yaikulu kwambiri nayonso si yabwino: imakoka dzenje lonse m'kanthawi kochepa, n'kumangoyaka ndi kuzima, ndipo zimenezi zimatenthetsa mota. Funso lomaliza kwa wogulitsa likhale lakuti, ikawonongeka zipangizo zake zipezeka ku Zomba kapena ku Blantyre, ndipo adzaikonza ndani?

Tizipangizo timene timasunga pampu

Pampu siigwira yokha. Pamafunika swichi yoyandama, imene imayatsa pampu madzi akakwera n'kuizimitsa asanatheretu, chifukwa pampu yomira imazizira ndi madzi omwewo. Pamafunika vavu yoletsa madzi a m'paipi kubwerera m'dzenje pampu ikazima. Pakhale swichi ina pamwamba yoliza belu kapena kuyatsa getsi madzi akapitirira muyezo, kuti timve ndi khutu tisanamve ndi mphuno. Pakhale paipi yotulutsa mpweya yofika pamwamba pa denga, chivundikiro cholemera choti mwana sanganyamule, ndi chingwe cha nayiloni chokokera pampu. Waya wa magetsi si chokokera. Magetsiwo alumikize ndi katswiri wovomerezeka, ndipo aikepo chozimitsa chokha magetsi akakhudza madzi.

Pa malo odyera ndi pa butchala, chofunika koposa ndi kabokosi kotchera mafuta pakati pa sinki ndi septic tank. Mafuta ophikira akazizira amaundana, amamata swichi yoyandama ndi kutseka nthaka ya mu soakaway. Pa saluni, kasefa kogwira tsitsi kamagwira ntchito yomweyo. Madzi a padenga asalowe m'dzenjeli. Mvula imodzi ya Januwale ingalidzaze kuposa alendo a sabata yonse.

Magetsi akathima

Tonse tikukumbukira 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mmene magetsi ankathimira maola ambiri pa tsiku. Alendo saleka kusamba chifukwa ESCOM yathimitsa. Choncho dzenje la pampu likhale ndi malo osunga madzi a tsiku lathunthu pamwamba pa muyezo umene pampu imayakira. Amene tili ndi jenereta kapena sola, tidziwe kuti mota ikamayamba kuzungulira imakoka mphamvu yochuluka katatu kapena kuposa imene imadya ikamayenda. Jenereta yongokwanira mababu ndi furiji ingalephere kuidzutsa. Malo aakulu, monga nyumba ya alendo ambiri kapena sukulu yogonera komweko, amaika mapampu awiri olandizana kuti ina ikafa inzake ipitirize.

Kusamalira, ndi chenjezo lalikulu

Ambiri a ife timatseka malonda Lachisanu dzuwa lisanalowe. Pa ntchito za tsiku lokonzekera tiwonjezerepo mphindi 10 izi: kuchotsa mafuta m'kabokosi kaja, kukweza swichi yoyandama ndi ndodo kuti tione ngati pampu ikuyaka, ndi kuyesa belu. Tikatero Sabata silitipeza tikusakasaka pulambala. M'zimbudzi tiikemo ndowa yovundikira ya matewera, mapadi ndi mapepala a pulasitiki, chifukwa zimenezi ndizo zimapha mapampu ambiri. Septic tank ipopedwe matope asanafike theka, ndipo a galimoto yopopa tiwafunse kumene akukataya. Amene akulephera kuyankha momveka asatigwirire ntchito.

Chenjezo ndi ili: munthu asalowe m'dzenje la madzi oipa. Mumakhala mpweya wonunkha ngati mazira owola, umene ukachuluka umapha mphuno kuti isamvenso fungo, kenaka munthu amakomoka. Wofuna kupulumutsa mnzake amagweranso momwemo. Mulinso mpweya woyaka, choncho machesi ndi kandulo zisayandikire. Pampu ikatsekeka, tithimitse magetsi, tiikoke ndi chingwe, tiikonzere panja titavala magolovesi, tikatha tisambe m'manja ndi sopo tisanakhudze chakudya. Mnyamata wa ganyu amene tikanamutsitsa m'dzenjemo ali ndi mayi ake amene akumudikira madzulo.

Malamulo a dziko lino, monga la zachilengedwe la 2017 ndi la za madzi la 2013, saloleza kutaya madzi oipa mumtsinje mwachisawawa. Tisanakumbe, tipite kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lathu kapena ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo ya boma la Zomba kuti adzaone malo. Kufunsa n'kudziwa njira, ndipo n'kotsika mtengo kusiyana ndi kutsekeredwa bizinesi.

Tinabwereranso kwa mayi aja chilimwe chitalowa. Sanagule pampu yaikulu imene ankaifuna poyamba. Anayamba ndi kabokosi kotchera mafuta, anapatutsa madzi a padenga, ndipo anakumbitsa soakaway yatsopano kumtunda, kutali ndi mjigo wa anthu a m'mudzimo. Pampu yaing'ono yokoka madzi odutsa mu septic tank ndi imene anaigula pomaliza. Paipi yopita kungalande ija anaidula. Anatiuza kuti ndalama zinawawa, mpaka anaimitsa kaye zogula mipando yatsopano. Tinadya nsima yathu pakhonde la kuseri, pamene m'dzinja panali posakhalika, tikuona amayi akutsika ndi zidebe kupita kumtsinje.