Mphunzitsi Wamkazi ndi Ukwati

Abale athu a kumigodi ndi kumapulazi, pali mau amene timawamva kawiri kawiri m'komboni, ndipo atilemera mumtima. Tsiku lina madzulo tinamva mkulu wina alikunena kuti sadzatumizanso ndalama za sukulu kwa mwana wace wamkazi wofuna uphunzitsi, "cifukwa aphunzitsi akazi amakalamba ali mbeta, opanda mwana, ndi aukali." Onse anaseka. Ifenso tinaseka, ngakhale ticita manyazi kubvomera. Koma pogona tinadzifunsa kuti, Kodi mbiri imeneyi inacokera kuti?

Siinabadwire m'midzi mwathu iai, inaoloka nyanja. Ku England, m'zaka za pakati pa nkhondo ziwiri zazikuru, akulu a masukulu m'malo ambiri anali ndi lamulo lakuti mphunzitsi wamkazi akakwatiwa aleke nchito. Ku Ireland lamulo lotere linayamba m'1934, nilikhala kufikira 1958. Ku America, pofunsa m'1942, anapeza kuti pa zigawo 100 za masukulu, 87 zinakana kulemba mkazi wokwatiwa, ndipo 70 zinacotsa iye amene anakwatiwa ali pa nchito. Eni malamulowo anati nchito zacepa, ndipo mkazi wa mwini adyetsedwa ndi mwamuna wace.

Tsono taonani cimene cinacitika. Namwali anaimikidwa pamphambano: asankhe nyumba kapena sukulu. Osankha nyumba anacoka, natsala okha opanda amuna. Pamenepo anthu anasuzumira m'sukulu, naona mbeta zokha zokha, nati, Uphunzitsi uletsa ukwati. Afanana ndi munthu wopitikitsa nkhuku zoyera zonse pakhomo pace, nauza alendo kuti nkhuku za pano zimaswa zakuda zokha. Ndiponso ambiri a akaziwo sanakane ukwati mwa kufuna kwao. Nkhondo ya 1914 inatha anyamata, ndipo powerenga anthu a ku England ndi Wales m'1921, akazi anaposa amuna ndi 1,700,000.

Mzinda wa London unafafaniza lamuloli m'1935. Pofika nkhondo ya 1939 amuna anamuka kunkhondo, masukulu nasowa aphunzitsi, ndipo akazi omwe aja anacotsedwa anaitanidwanso. M'1944 Parliament inaletsa kucotsa mphunzitsi cifukwa ca ukwati m'England ndi Wales monse. Kodi nzeru za mkazi wokwatiwa zinakula ndi kulira kwa mfuti? Zinalipo kale. Malamulo anatha, koma citonzo cace catsala, ndipo ife tacitola monga malaya otayidwa ndi mwini.

Kwathu, ndani alangiza anamwali? Si anamkungwi kodi, amai a nyumba zao? Ngakhale ku sukulu ya Jeanes ya ku Domasi, imene inatsegulidwa m'1929, aphunzitsi anadza pamodzi ndi akazi ao, ndipo akaziwo anaphunzira za ukhondo ndi za kulera ana kuti akathandize anzao kumidzi. Ndipo inu, abale, pamene muli kuno, ndani alima munda, natuta cimanga, nafolera nkhokwe? Ndi mkazi wanu, mwana ali kumsana. Sitinamve munthu ndi mmodzi yense alikunena kuti wokwatiwa asagwire khasu. Nchito yokha imene tiikaikira ndiyo ya malipiro a pa mwezi. Ndipo tiopa kuti cotibvuta si cifundo ca pa mwana, koma kuona ndalama m'dzanja limene silinatipemphe.

Ena adzati, Nanga akamtumiza ku sukulu yakutari, nyumba siidzapasuka kodi? Funso ili nloona, sitilipeputsa. Koma lituruka mobvuta m'kamwa mwa ife amene tinasiya nyumba zathu zaka ziwiri, ena zisanu, ndipo palibe anatiuza kuti tisankhe pakati pa mgodi ndi mkazi.

Za kusabala tinene pang'ono pokha. Alipo akazi osagwirapo buku ndi kale lonse amene alibe mwana, ndipo nthawi zina cifukwa cace ciri mwa mwamuna, ngakhale sitikonda kuimva imeneyo. Mkazi wotere akaima pamaso pa ana makumi asanu tsiku ndi tsiku, nawaphunzitsa kuwerenga kalata zathu zomwe zocokera kuno, sitiona pomsekera.

Mkulu uja alandira ndalama zace pakutha pa mwezi uno. Tapangana kuti tikakhale naye pansi asanalembe kalata ya kumudzi.